Utoto wa Dawn, chojambula cha Pam

Pali kachigawo kamodzi kamene kali m'masewero onse awiri, pafupifupi liwu ndi liwu. Bwana aitanira mu ofesi mwake mtsikana wolandira alendo, pamaso pa mnyamata amene wangoyamba ntchito tsiku lomwelo, n'kumuuza kuti ntchito yamuthera chifukwa wakhala akuba timapepala tomata tolembapo mauthenga. Mtsikanayo ayamba wadabwa, kenako akana, kenako misozi chuchuchu. Apo m'pamene bwana aulula kuti amangocheza. Palibe amene aseka. Kamera ingoti duu pa nkhope ya mtsikanayo.

Ku Britain bwanayo ndi David Brent ndipo wolirayo ndi Dawn Tinsley. Ku America bwanayo ndi Michael Scott, wolira ndi Pam Beesly. Masewero onsewa dzina lake ndi limodzi, The Office. Loyamba linayamba kuonetsedwa pa BBC Two pa 9 July 2001, ndipo analemba ndi Ricky Gervais ndi Stephen Merchant. Lachiwiri linayamba pa NBC pa 24 March 2005, m'manja mwa Greg Daniels. Onse awiri amachitikira pa kampani yogulitsa mapepala, ina ku Slough kufupi ndi London, inayo ku Scranton m'chigawo cha Pennsylvania. Onse awiri anajambulidwa ngati kuti si sewero, koma kuti pali atolankhani a kanema amene abwera kudzajambula mmene anthu a mu ofesi amakhalira tsiku ndi tsiku. Mulibe phwete la anthu lojambuliratu lija limene masewero oseketsa akale ankaikamo kuti woonera adziwe poseka. Poyambira ndi pamodzi. Koma mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo pofika kumapeto awiriwa sakufanananso n'komwe.

Ine ndinayamba ndi la ku America. Ndinalitsatira lonse, magawo 201, kwa miyezi yambiri, madzulo ndikaweruka. Anthu a mu ofesi ya Dunder Mifflin, kampani ya ku Scranton ija, ndinawazolowera moti ndinkadziwa amene akwiye Michael akatsegula pakamwa. Nditamaliza ndinamva ngati anzanga asamuka. Ndiye wina atandiuza kuti pali la ku Britain limene linabala limeneli, ndinalifunafuna ndi mtima wofuna kupezanso anzanga aja m'zovala zina. Sindinawapeze. Ndinapeza chinthu china chimene chinandisowetsa tulo, chifukwa nthawi imeneyo ndinali pa ntchito ya mu ofesi imene ndinalowa ndikunena kuti ndikhalapo chaka chimodzi chokha, ndipo chinali chaka changa chachisanu.

La ku Britain ndi lalifupi kwambiri. Masizoni awiri a magawo 6 iliyonse, kuphatikiza magawo awiri apadera a pa Khirisimasi ya 2003. Onse pamodzi 14, basi. Ukhoza kulimaliza Loweruka ndi Lamlungu. La ku America linatha zaka zoposa 8, masizoni 9, mpaka pa 16 May 2013. Kusiyana kwa manambalaku sikuti n'kwa kutalika kokha ayi, n'kumene kunaumba anthu a m'masewerowa. BBC siidalira otsatsa malonda pa mawayilesi ake a ku Britain, ndalama zake zambiri zimachokera ku chiphaso chimene mabanja oonera kanema amalipira. Anthu awiri akhoza kukhala pansi, kulemba magawo 6, n'kunena kuti nkhani yathu yathera pano. NBC imadya za otsatsa malonda, ndipo sewero likagwira msika limafunika magawo oposa 20 pa chaka, olembedwa ndi gulu lonse la alembi. Mlendo ndi mame, amatero akuluakulu. David Brent ndi mlendo, amabwera m'nyumba mwako maulendo 14 n'kuchoka, ndiye ukhoza kupirira ngakhale akuchititse manyazi motani. Michael Scott anafunika kukhala nawe zaka. Munthu wotero sangakhale mlendo, ayenera kusanduka wachibale.

Anthu a ku NBC sanazindikire zimenezi msanga. Sizoni yawo yoyamba, ya magawo 6 ngati ya ku Britain, inali yotengera kwambiri. Steve Carell, amene ankasewera ngati Michael, anamupesa tsitsi chammbuyo, nyali za mu ofesi zinali zakuda bii, ndipo Michael anali wankhanza ngati Brent koma wopanda chija chimene chimakuchititsa kumumvera chisoni Brent. Oonera anachepa pambuyo pa gawo loyamba, ndipo panalibe chitsimikizo choti lipitirira. Mantha analipo pa chifukwa chomveka. Mu 2003 NBC yomweyo inali itatenga sewero lina la ku Britain, Coupling, n'kulichotsa patangoonetsedwa magawo anayi. Kenako mu August 2005 filimu ya The 40-Year-Old Virgin inatuluka, anthu n'kuona kuti nkhope ya Carell ili ndi ubwana wina wake umene umakukoka mtima ngakhale akuchita zopusa. Sizoni yachiwiri itayamba, tsitsi linasintha, nyali zinawala, ndipo alembi anapatsa Michael zinthu ziwiri zimene Brent sanapatsidwe.

Choyamba, Michael amaidziwa ntchito yake. Pali gawo lina m'sizoni yachiwiri pamene iye ndi bwana wake wa kulikulu, Jan, akukumana ndi munthu amene angabweretse oda yaikulu. Michael asamutsira msonkhanowo ku lesitilanti, ayamba nthabwala, aitanitsa zakudya ndi zakumwa, nthawi n'kumapita, Jan akungogwira mutu. Ifenso oonera tikuti basi, waononga. Koma pakutha pa usikuwo munthuyo wagwirizana nazo. Michael anadziwa kuti wogula safuna mitengo yokha, amafuna kumva kuti akuchita malonda ndi mnzake wa kumudzi komweko. Kuyambira pamenepo sungamuonenso chimodzimodzi. Ndi wogulitsa waluso amene anamukweza kumupatsa mpando umene sukumuyenera, ndipo anthu otere tonse tinawaonapo. Brent alibe tsiku lotero. Akamanena kuti iye ndi bwana wokondedwa, mnzawo wa onse, katswiri wa nthabwala, kamera imatembenuka n'kutionetsa nkhope za anthu ake, ndipo nkhopezo zimakana zonse.

Brent amandiwawa mtima kuposa mmene amandiseketsera. Chimene akufuna si kukondedwa kwenikweni, koma kuonedwa kuti ndi wokondedwa, ndipo kamera ija ndi imene ikumupha. Akangonena kanthu, diso lake limathamangira ku kamera kuti aone ngati ajambula. Pa tsiku la maphunziro a antchito amalanda msonkhano wa mphunzitsi wobwera, n'kupita kunyumba kukatenga gitala. M'sizoni yachiwiri nthambi ya ku Swindon itaphatikizidwa ndi yake, abwera Neil, bwana wachinyamata, waulemu, wokondedwa popanda kukakamiza. Brent sangapirire. Neil atavina bwino pa tsiku losonkhetsa ndalama zachifundo, Brent nayenso alumphira pakati n'kuvina gule wake uja amene anthu ambiri amamukumbukira mpaka lero, akudziimbira yekha pakamwa, anzake atangoti kakasi. Anthu amagawana kachidutswa kameneka pa intaneti ngati choseketsa, ndipo n'choseketsadi. Koma m'gawo lomwelo amuuza kuti ntchito yatha. Ndipo m'gawo lotsatira munthu wodzitama uja akhala pampando, maso atadzaza misozi, akuwachonderera kuti asamuchotse, akulonjeza kuti asintha. Palibe nyimbo yotonthoza, palibe wobwera kudzamugwira paphewa. Amuchotsa ndithu.

Chachiwiri chimene Michael anapatsidwa ndi chimene ndakhala ndikuchiganizira kwa nthawi yaitali, ndipo chimaonekera pa nkhani ya zojambula.

Dawn ndi Pam onse amajambula. Dawn ankafuna kukhala wojambula zithunzi za m'mabuku a ana, koma anayamba ntchito yolandira alendo kuti azipeza kangachepe, ndipo pang'onopang'ono kujambula kuja kunasanduka nkhani yakale. Bwenzi lake Lee, wa kosungira katundu, amaona zojambulazo ngati kutaya nthawi. Pam nayenso ali ndi Roy, wa kosungira katundu, wa maganizo omwewo. Atsikana onsewa ali ndi mnyamata wa pa desiki yapafupi amene amawakonda mwakachetechete, Tim Canterbury kwa Dawn, Jim Halpert kwa Pam. Mpaka apa zonse n'zofanana. Funso n'lakuti, mu ofesi yonseyo ndani amene akuona kuti mtsikana woyankha mafoniyu ali ndi chinthu m'manja mwake?

Ku Slough ndi Tim yekha. M'magawo a Khirisimasi aja, Dawn wakhala ali ku Florida ndi Lee, ndipo wabwera kudzangokhala nawo pa phwando la ku ofesi. Acheza ndi Tim, atsanzika, akwera takisi. Ali m'njira, Lee atagona, atsegula mphatso ya Khirisimasi ija imene antchito amapatsana mosadziwa wopereka. Apeza bokosi la utoto wojambulira, pamodzi ndi kachithunzi ka Tim kamene Dawn yemweyo anangokhwatchakhwatcha pa pepala, ndi mawu ochepa omuuza kuti asasiye. Alira. Patapita kanthawi tikumuona akulowanso pa chitseko cha ofesi, yekha. Brent pa nkhani yonseyi palibepo. Zaka zonse zimene Dawn anakhala pakhomo pa ofesi yake, Brent sanamuonepo ngati munthu. Ankamuona ngati woti aziseka nthabwala zake.

Ku Scranton zinayenda mwina. M'sizoni yachitatu Pam aika zojambula zake pa chionetsero cha kalasi yake, n'kuitana onse a ku ofesi. Ambiri sabwera. Roy abwera, ayang'ana mwa mwambo chabe, achoka. Oscar, mnzake wa ku ofesi, abwera ndi bwenzi lake, ndipo Pam awamva ali kumbuyo kwawo akunena kuti zojambulazo zilibe kulimba mtima. Ayamba kuzichotsa pakhoma. Ndiye atulukira Michael, mochedwa, iyenso atachititsidwa manyazi tsiku lomwelo pamaso pa ophunzira a zamalonda amene anamuuza kuti kampani yake ikufa. Aima pa chojambula cha nyumba ya ofesi yawo, aloza zenera lake, aloza galimoto yake, maso ali mbee ngati mwana. Afunsa mtengo. Amuuza Pam kuti akumunyadira. Pam amukumbatira, ndipo Michael akapachika chojambulacho pakhoma la ofesi.

Ndinalira pa kachigawo kameneka, ndipo ndikakaoneranso ndimalirabe. Koma nditaonera la ku Britain ndinayamba kudzifunsa kuti ndikulirira chiyani. Ndikuganiza kuti ndikulirira chinthu chimene ambiri a ife timachifuna pa ntchito koma sitichipeza, choti munthu amene ali ndi mphamvu pa malipiro ako aime tsiku lina, ayang'ane chimene iwe uli kunja kwa desiki, n'kunena kuti ndachiona. Ndagwirapo ntchito pansi pa mabwana abwino ndi oipa. Mmodzi wa iwo ankakonda nthabwala pa misonkhano, ndipo tonse tinkaseka pa nthawi yake, chifukwa kusaseka kunali ndi mtengo wake. Anali munthu wosungulumwa, ndikudziwa tsopano. Koma kwa zaka zonsezo sanafunsepo aliyense wa ife chimene tinkalota tisanafike pamenepo. Sewero la ku America limakuuza kuti mkati mwa bwana wotereyu muli Michael, ndipo tsiku lina atulukira pa chionetsero chako. La ku Britain limakuuza kuti usamudikire. Ine zimene ndinaona ndi maso anga zikugwirizana ndi la ku Britain.

Sindikunena kuti la ku America ndi lofewa paliponse. Muli gawo lija limene Michael akaonekera pamaso pa ana a sukulu amene anawalonjeza zaka 10 zapitazo kuti adzawalipirira koleji, alibe ndalama, n'kuwapatsa mabatire a laputopu. Muli lina la chakudya chamadzulo kunyumba kwa Michael ndi Jan, amene tsopano ali pa chibwenzi, pamene alendo akungoyang'ana pansi eni nyumba akung'ambana. Magawo amenewa amafika pamene Brent amafika, mwina kupitirira. Kusiyana kwake n'kwakuti sabata yotsatira onse abwerera pa madesiki awo, bala lapola, palibe wachotsedwa. Dwight Schrute, wodzitcha wachiwiri kwa bwana ku Scranton monga alili Gareth Keenan ku Slough, ayatsa moto mu ofesi mwadala kuti aphunzitse anzake za ngozi, Stanley mpaka mtima kumugwira, koma Dwight ntchito ikadalipo. Pamenepo ndi pamene umadziwa kuti sewero lachoka mu ofesi yeniyeni lalowa m'dziko lake. Gareth, wowonda uja wodzitama ndi usilikali wake wa kumapeto kwa sabata, sachita zodabwitsa zotero. Ndi munthu amene anakhalapo pa desiki yoyandikana ndi yako, woyeza malire a desiki ndi rula.

Pali chimene ndiyenera kuvomereza, ndipo ndikuvomereza ndi mtima wonse. Nthawi yaitali ija inapatsa la ku America chuma chimene la ku Britain silikanachipeza. Ku Slough anthu a kumbuyo ndi mithunzi, amangokhala, kuyasamula, kuyang'ana makina okopera mapepala akulavula mapepala. N'cholinga ndithu, chifukwa umo ndi mmene tsiku la mu ofesi limaonekera. Koma ku Scranton mithunzi ija inapatsidwa mayina ndi miyoyo. Stanley amene amangowerenga masiku kuti apume pa ntchito. Phyllis wofatsa amene ali ndi lilime lakuthwa mobisa. Angela ndi amphaka ake, Oscar, Kevin, Meredith, Creed, Darryl wa kosungira katundu amene amamuwerenga Michael ngati buku. Ena mwa ochita seweroli, monga Mindy Kaling, B. J. Novak ndi Paul Lieberstein, analinso alembi ake, ndipo zimaoneka kuti anthu amenewa ankawakonda. Ichinso n'choona chokhudza ntchito. Anthu amene sunawasankhe, ukakhala nawo maola 8 pa tsiku kwa zaka, amalowa m'moyo wako kuposa abale ena. Ukadwala ndi iwo amene amayamba kuzindikira. La ku Britain limadziwa zimenezi, Tim amazitchula chakumapeto, koma linalibe nthawi yozionetsa.

Carell atachoka mu 2011, m'sizoni ya 7, nyumba inayamba kudontha. Masizoni awiri otsiriza ali ndi magawo abwino apa ndi apo, koma mpando wa bwana unkangosinthasintha eni ndipo nkhani inasowa mwini. Sindikhalitsapo pamenepa. Gervais ndi Merchant anasiya anthu akadali ndi njala, pamene NBC inapitiriza kuphika anthu atakhuta.

Kuchoka kwa Michael kumandibweretsa pa kachinthu kena kamene masewero onsewa anachita, kuvula maikolofoni. Pakutha pa sizoni yachiwiri ya ku Britain, Tim ali pakati polankhula ndi kamera, aima, adzuka, apita kwa Dawn, alowa naye m'chipinda cha misonkhano, n'kuchotsa maikolofoni yake. Phokoso lonse lizima. Tikuwaona kudzera pa zenera, milomo ikuyenda, akumbatirana. Tim atuluka, abwezeretsa maikolofoni, n'kutiuza mwachidule kuti wakanidwa. Ku America anasunga njira imeneyi mpaka pa bwalo la ndege, pamene Michael akupita ku Colorado kukakhala ndi bwenzi lake Holly. Avula maikolofoni, apereka kwa ojambula, ayamba kuyenda. Pam afika akuthamanga, nsapato zili m'manja, amukumbatira, ndipo sitimva chimene akunena. Chete yemweyo, koma wina ndi chete wa munthu amene walimba mtima mochedwa n'kubwerako chimanjamanja, winayo ndi chete wa mwana wotsanzikana ndi bambo. Onani kuti apanso ndi Pam ndi Michael. Anthu amakamba za Jim ndi Pam ngati mtima wa seweroli, ukwati wawo wa ku Niagara ndi zina zotero, koma ine ndimaona kuti chingwe chenicheni chimachokera pa nthabwala yankhanza ya timapepala ija, kudutsa pa chojambula, kufika pa bwalo la ndege. Bwana amene anamuliza tsiku loyamba ndi amene akumuthamangira kuti asapite osatsanzikana. Ku Slough chingwe chimenecho kulibe, ndipo sichikanatheka.

Amene anandigwira pakhosi kwenikweni ndi Tim. Jim ndi wamtali, wooneka bwino, ndipo ukamuona umadziwa kuti adzatuluka mmenemo tsiku lina. Amatulukadi, pamapeto pake iye ndi Pam anyamuka kupita ku Austin kukagwira ntchito imene Jim amaikonda. Tim, amene Martin Freeman anamusewera ndi nkhope yotopa ija, akukwanitsa zaka 30 akukhalabe ndi makolo ake. Amanena kuti asiya ntchito abwerere ku yunivesite. Alengeza ndithu kuti akuchoka. Kenako amukweza pang'ono, kumuonjezera kandalama, ndipo ayamba kufotokozera Dawn chifukwa chake kuli bwino kudikira kaye, akugwiritsa ntchito mawu omwe aja a Brent amene iye ankawaseka. Zengerezu adalinda kwawukwawu. Nditaonera pamenepo ndinazimitsa kanema, ndinakhala mumdima kwa kanthawi. Mawu amene Tim ananena ndinali nditawanenapo kwa anthu a kwathu, m'chinenero china, za mafomu a sukulu amene anali mu kabati yanga chaka chachinayi.

Ena amati la ku Britain ndi louma mtima. Sindivomereza. Magawo a Khirisimasi aja amapatsa aliyense kanthu, koma kochepa, kolingana ndi moyo. Brent tsopano akuyenda ndi galimoto kugulitsa zotsukira, ndalama zimene analandira pochoka anazithera pa kujambula nyimbo imene sinagulidwe, ndipo usiku amaonekera m'mabala monga munthu uja wa pa kanema, anthu n'kumamukuwiza. Pa phwando la ku ofesi abwera ndi mayi wina, Carol, amene amumvetsera ndi kuseka moona. Mnzake Chris Finch, amene Brent wakhala akumugwadira zaka zonse ngakhale amamunyoza, anena mawu achipongwe okhudza mayiyo. Kwa nthawi yoyamba Brent amutukwana pamaso n'kuchokapo. Kachinthu kakang'ono kwambiri. Koma chifukwa choti sewero lonse silinatipatse chilichonse chaulere, kameneka kamalemera ngati mwala.

Pam pa gawo lotsiriza achotsa chojambula chake pakhoma la Dunder Mifflin n'kupita nacho, ndipo pafupifupi aliyense wa mu ofesi ija tauzidwa kumene akupita. Za Dawn sitiuzidwa ngati utoto uja anaugwiritsa ntchito. Timangomuona akutuluka pa phwando atagwirana dzanja ndi Tim. Tchuthi cha Khirisimasi chikatha Tim adzabwerera pa desiki yomwe ija ku Slough kukagulitsa mapepala, ndipo bwana wake tsopano ndi Gareth.